Tabwerera ku Ofesi: Tiyambe ndi Kutsegula Mazenera

Dziko lathu silinalowe m'bindikiro weniweni ngati mmene anachitira anzathu a ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Boma linalengeza kuti kuyambira pa 18 Epulo 2020 aliyense akhale pakhomo kwa masiku 21, koma kutatsala tsiku limodzi Bwalo Lalikulu la Milandu linaletsa, anthu atadandaula kuti munthu wodya zimene wapeza tsiku lomwelo sangatsekeredwe m'nyumba popanda chomuthandiza. Misika inapitirira ndipo kumunda anthu anapitabe. Komabe panali gulu lina limene moyo wake unasinthiratu. Sukulu ndi makoleji zinatsekedwa pa 23 Malichi, ogwira ntchito m'boma ambiri anayamba kusinthana masiku obwera kuntchito, ndipo mabungwe ndi makampani ena anauza antchito awo kuti anyamule makompyuta akagwirire kunyumba. Ena anabwerera sukulu zitayamba kutsegulidwa mu Sepitembala chaka chomwecho, n'kubwezedwanso kunyumba mu Januwale 2021 pamene mliri unavuta kachiwiri n'kutitengera anthu ambiri, kuphatikizapo nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, amene anamwalira tsiku limodzi. Analipo ena amene anabwerera mu 2022, atatha pafupifupi zaka ziwiri akuchita misonkhano pa Zoom ali pakhonde, uku akupempherera kuti magetsi asazime.

Phunziro la mwezi uno ndalembera anthu amenewa, pamodzi ndi amene amawayang'anira: mabwana a m'maofesi, aphunzitsi aakulu, abambo mfumu amene ali ndi antchito pa parishi, ndi makomiti a zaumoyo. Makalata oitana antchito kuti abwerere amene ine ndawaona amafanana. Amanena za ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo, za kupukuta matebulo, ndi za kachipangizo koloza pachipumi poyeza kutentha kwa thupi. Sindikunyoza zimenezi. Ndowa ija isachoke, makamaka tikakumbukira kolera amene anayambanso kumveka ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022. Koma kachipangizo ka pachipumi kamalola odwala ambiri kudutsa, chifukwa munthu amatha kupatsira ena Covid-19 masiku awiri asanayambe kumva chilichonse m'thupi, ndipo ena satentha thupi n'komwe. Chimene antchito a mu ofesi imodzi amagawana tsiku lonse, kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ndi mpweya. Za mpweyawo makalata aja sanena kanthu.

Mmene matenda amayendera m'chipinda

Munthu akamapuma, kulankhula, kuseka, kuimba kapena kutsokomola, m'kamwa ndi m'mphuno mwake mumatuluka timadontho. Tina ndi tokulirapo ndipo timagwa pansi msanga, pa mtunda wa mita imodzi kapena awiri. N'chifukwa chake tinauzidwa kuti tizikhala motalikirana. Koma tina ndi tating'ono kwambiri moti timayandama mumpweya kwa mphindi zambiri, nthawi zina maola, ngati utsi wa mbaula m'khitchini yotseka. Mukafuna kumvetsa bwino, kumbukirani zimene zimachitika mnzanu akavundukula bakuli la usipa wokazinga mu ofesi. Pakatha mphindi zochepa amene wakhala pakona lakutali wamva kale fungo, ngakhale sanayandikire. Ngati mazenera ali otseka, mlendo wolowa 2 koloko masana adziwabe kuti ndiwo ya lero inali chiyani. Kachirombo ka Covid-19 kamayenda chimodzimodzi, kungoti kalibe fungo lotichenjeza.

Chitsanzo chophunzitsa bwino chinachitikira mu ofesi ndithu, mumzinda wa Seoul ku South Korea, mu Malichi 2020. M'nyumba ina ya nsanjika 19 munali maofesi m'munsi ndi mogona anthu kumwamba. Azaumoyo anayeza anthu 1,143 a m'nyumbamo ndipo anapeza 97 ali ndi kachiromboka. Mwa anthu 97 amenewa, 94 ankagwira ntchito pa nsanjika imodzi, ya nambala 11, pamene panali ofesi yoyankha mafoni a makasitomala. Pa nsanjikayo panali antchito 216, kutanthauza kuti pa anthu khumi aliwonse oposa anayi anatenga matendawa, ndipo ambiri mwa iwo ankakhala mbali imodzi ya chipinda. Anthu a nsanjika zina ankakumana nawo polowera ndi m'zikepe tsiku ndi tsiku, n'kumagwira zitseko zomwezo, koma pa onsewo anapezeka atatu okha. Chimene chinasiyanitsa ndi kukhala maola ambiri m'chipinda chimodzi mothithikana, anthu akulankhula tsiku lonse.

Kwa ife anamwino nkhaniyi si yachilendo, chifukwa umu ndi mmenenso chifuwa chachikulu cha TB chimafalira. Florence Nightingale, m'buku lake lotchedwa Notes on Nursing la mu 1859, anayamba ndi mutu wa mpweya wa m'chipinda cha wodwala, pamene tizirombo toyambitsa TB tinali tisanadziwike. Robert Koch anadzatitulukira mu 1882. Mu 2007 ofufuza anafalitsa zimene anapeza atayeza mpweya m'zipinda za zipatala 8 mumzinda wa Lima ku Peru. Kungotsegula mazenera ndi zitseko, mpweya wa m'chipinda unkasinthika ka 28 pa ola, kuposa kawiri mlingo wa ka 12 umene makina okwera mtengo opopa mpweya amayenera kufikira. Zipatala zakale, zomangidwa chisanafike chaka cha 1950, za denga lalitali ndi mazenera aakulu, zinkafika ka 40 pa ola, pamene zamakono zinkalekera pa ka 17. Inu amene mumagwira ntchito m'nyumba zakale za mishoni, zija timadandaula nazo kuti n'zozizira, muli ndi mwayi umene simuudziwa. Vuto lili m'maofesi amene tawagawagawa ndi matabwa kuti aliyense akhale ndi kachipinda kake, mpaka wosunga ndalama ndi wosunga mafayilo atsala m'timakola topanda zenera.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapereka mlingo mu 2021: m'malo ogwiriramo ntchito, munthu aliyense amafunika malita 10 a mpweya watsopano pa sekondi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa ola limodzi amenewa ndi malita 36,000. Chipinda cha mamita 4 m'litali, 4 m'lifupi ndi 3 kutalika kwa khoma chimasunga malita 48,000. Mukaikamo anthu anayi, akufuna malita 144,000 pa ola, ndiye kuti mpweya wonse wa m'chipindamo uyenera kutuluka ndi kulowa wina katatu pa ola lililonse. Mukaitanira msonkhano wa anthu 12 m'chipinda chomwecho, uyenera kusinthika ka 9. Chitseko ndi mazenera zikakhala zotseka, kawirikawiri sufika ngakhale katatu paja.

Zenera limodzi lotsegula limathandiza, koma mpweya umayenda bwino ukakhala ndi polowera ndi potulukira moyang'anana, monga zenera mbali iyi ndi chitseko mbali inayo. Yesani ndi kapepala kopepuka: kagwireni pakhomo muone ngati kakugwedezeka. Makatani olemera akokereni pambali, ndipo kabati imene inatseka zenera zaka zisanu zapitazo isunthidwe. Mazenera amene anamatidwa ndi penti kapena amene zogwirira zake zinathyoka akonzedwe antchito asanabwerere.  Fani yozungulira m'chipinda chotseka imangotakasa mpweya womwewo, ngati mthiko mumphika. Imathandiza mukaiika pafupi ndi zenera kuti izikankhira mpweya kunja. Makina oziziritsa chipinda amene amamangidwa pakhoma, aja timanyadira nawo m'maofesi a mabwana, ambiri sabweretsa mpweya wakunja: amaziziritsa umene ulimo n'kuubweza. Chipinda chikhoza kukhala chozizira bwino koma mpweya wake uli wa dzulo.

M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi aliyense amathamangira kutseka mazenera. Musaiwale kuti mu 2021 mliri unavuta kachitatu m'miyezi yomweyi. Bwana alole anthu kuvala majuzi ndi zipewa mu ofesi osawayang'ana ndi diso loipa, ndipo wodwala mphumu kapena nyamakazi akhale kutali ndi zenera, koma zeneralo likhale lotsegula. Ngati kwazizira zedi, tsegulani pang'ono mazenera onse m'malo motsegula limodzi kwambiri, ndipo pa ola lililonse tsegulani zonse kwa mphindi zingapo. Msonkhano wa anthu ambiri uchitikire pakhonde kapena pansi pa mtengo. Makolo athu ankaweruza milandu ikuluikulu pabwalo popanda tebulo lalitali. Malo amene timaiwala ndi kakhitchini ka tiyi. Nthawi ya mliri anthu ankavala masiki tsiku lonse, kenako nthawi ya nkhomaliro asanu ndi mmodzi ankathithikana m'kachipinda kamodzi, masiki ali m'thumba, nkhani ili pakamwa. Mu minibasi namonso, pemphani mwaulemu kuti zenera likhale lotsegula, ndipo masiki yanu ikhale pamphuno.

Mnzathu wotsokomola uja

Mliri usanabwere tinali ndi khalidwe lotamanda munthu wobwera kuntchito akudwala. Timati ndi wolimba mtima, wokonda ntchito. Khalidwe limeneli lisabwerere nafe ku ofesi. Munthu wa chimfine, chifuwa, zilonda zapakhosi kapena kutentha thupi akhale kunyumba ndipo akayezetse. Akapezeka ndi Covid-19, malangizo a WHO a mu 2020 anali oti adzipatule masiku 10 kuchokera tsiku limene zizindikiro zinayamba, kuonjezerapo masiku atatu opanda chizindikiro chilichonse. Amene wapezeka nako kachirombo koma sakumva kudwala ankauzidwa kuti adzipatule masiku 10 kuchokera tsiku loyezedwa. Azaumoyo a m'boma lanu akakuuzani masiku ena malinga ndi malamulo a Unduna wa Zaumoyo a nthawiyo, tsatirani zimenezo.

Kunena n'kosavuta. Munthu amabisa chifuwa chifukwa akuopa kudulidwa malipiro kapena kuchotsedwa ntchito, osati chifukwa sakudziwa za matenda. Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limati wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 pa ntchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata osachepera 4 pa malipiro onse, ndi masabata 8 pa theka la malipiro, chaka chilichonse, akaonetsa kalata ya kuchipatala. Antchito ambiri sadziwa zimenezi, ndipo mabwana ena amakonda kuti asadziwe. Nanga amene sanakwanitse chaka, ndi aganyu olipidwa pa tsiku? Amenewa ndi amene sangajombe ngakhale atadwala bwanji, ndipo ndi omwewo amene amalowa m'chipinda chilichonse kusesa ndi kupereka tiyi. Ofesi yanzeru imawalipira masiku amene akhala kunyumba, chifukwa kupanda kutero idzalipira masiku a anthu khumi. Ndipo poti taona kuti ntchito zina zimatheka kunyumba, mlembi amene ali ndi chimfine chopepuka, koma mphamvu ali nazo, aloledwe kugwirira kunyumba masiku amenewo. Zimenezi zisasanduke njira yogwiritsa ntchito munthu amene wagona pamphasa ndi malungo.

Pali chifuwa china chimene mliri unachiphimba. WHO inanena kuti anthu opezeka ndi TB padziko lonse anatsika kuchoka pa 7.1 miliyoni mu 2019 kufika pa 5.8 miliyoni mu 2020. Sikuti matendawa anachepa. Anthu ankaopa kupita kuchipatala ndipo zipatala zinatanganidwa ndi Covid-19, moti imfa za TB zinakwera kwa nthawi yoyamba patapita zaka zoposa khumi. Ena mwa anthu osayezedwawo anabwerera m'maofesi. Amene watsokomola masabata awiri, kapena akutuluka thukuta usiku, akuwonda, akutentha thupi madzulo, apereke makhololo kuchipatala ngakhale atayezedwa kale kuti alibe Covid-19. Amene ali ndi kachirombo ka HIV asadikire masabata awiri. Mankhwala a TB ndi aulere, amamwedwa miyezi 6, ndipo munthu akayamba kumwa mokhulupirika mphamvu yopatsira ena imatsika msanga. Palibe chifukwa chomusala kapena kumupatulira kapu yakeyake, pakuti TB siyenda pa kapu.

Amene anachira koma sanachiriretu

Mudzaona anzanu ena amene kale ankakwera masitepe akuthamanga, tsopano akuima pakati kuti apume. Ena akuiwalaiwala, akuwerenga kalata imodzi katatu, ikamakwana 11 koloko atopa ngati alima tsiku lonse. Mu Okutobala 2021 WHO inalongosola vutoli: zizindikiro zimene munthu amakhala nazo patatha miyezi itatu chidwalireni Covid-19, zokhalitsa miyezi iwiri kapena kuposa, zosachokera ku matenda ena. Zodziwika kwambiri ndi kutopa, kubanika ndi kusokonekera kwa maganizo pogwira ntchito ya mutu. Zimagwira ngakhale munthu amene sanagonekedwe m'chipatala. Si ulesi ayi, ndipo kumukalipira sikuchiza.

Munthu wotere ayambe wapita kuchipatala kuti aone ngati si kuchepa kwa magazi, shuga, TB kapena vuto la mtima. Kenako abwerere kuntchito pang'onopang'ono: theka la tsiku, kapena masiku atatu pa sabata, n'kumaonjezera thupi likamalola. Ambiri amalakwitsa pa tsiku limene adzuka bwino, amagwira ntchito yonse imene inatsalira, mawa lake n'kulephera kudzuka. Kupweteka kwa pachifuwa, kubanika munthu atangokhala, kapena kutupa mwendo umodzi si zodikira. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ena tabwerera ndi thupi lonenepa chifukwa ulendo wathu wautali unali wochoka kuchipinda kupita pabalaza, ndipo ena anadukiza kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena ma ARV poopa chipatala. Kayezetseni mwezi uno. BP ikafika 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, ikufunika chithandizo ngakhale mutu usakupweteke. Anthu amenewa, pamodzi ndi achikulire, ndi amene Covid-19 imawapweteka kwambiri, choncho akhale oyamba kupatsidwa malo a pafupi ndi mpweya wabwino. Katemera anafika m'dziko muno mu Malichi 2021, ndipo ngakhale satseka njira zonse zotengera kachirombo, amateteza kwambiri ku kudwala mwakayakaya ndi ku imfa.

Mayi woyamwitsa

Apa ndiima nthawi yotalikirapo, chifukwa monga mzamba ndimaona kuti amene amavutika kwambiri ndi kubwerera ku ofesi ndi munthu amene saitanidwa ku msonkhano uliwonse: khanda. Timaphunzitsa kuti mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6 yoyamba, osapatsidwa madzi, tiyi, phala kapena mankhwala azitsamba, kenako apitirize kuyamwa uku akudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kuposa. Koma tchuthi cha uchembere chimene lamulo lathu limakakamiza olemba ntchito ndi cha masabata 8 okha, kamodzi pa zaka zitatu, pamene mgwirizano wa bungwe la ntchito padziko lonse la ILO wa chaka cha 2000 umanena masabata 14 ndi nthawi yoyamwitsa tsiku lililonse mayi akabwerera. Pakati pa masabata 8 ndi miyezi 6 pali mpata wa miyezi inayi. Kugwirira ntchito kunyumba kunatseka mpata umenewu mwakachetechete: mayi ankalemba lipoti mwana ali pabere. Kalata yoitana antchito ikutsegulanso mpatawo, ndipo mabanja ambiri amathamangira botolo ndi mkaka wa m'chitini, umene ndi wokwera mtengo moti pofika pakati pa mwezi amayamba kuusungunula ndi madzi ambiri. Zotsatira zake timaziona ku wodi ya ana: kutsekula m'mimba ndi kunyentchera.

Mayi ayambe kukonzekera kutatsala masabata awiri. Aphunzire kufinya mkaka ndi manja, palibe makina ofunika. Asambe m'manja ndi sopo, atenge kapu ya kukamwa kwakukulu yotsukidwa ndi kuthiridwa madzi owira, akhale pansi mtima uli m'malo. Chala chachikulu achiike pamwamba pa mbali yakuda yozungulira nsonga ya bere, chala cholozera pansi pake moyang'anana, akankhire zala zonse ziwiri chakuchifuwa, kenako azipsinja ndi kusiya, kupsinja ndi kusiya. Asakoke nsonga ndipo zala zisatsetsereke pakhungu. Azisuntha zala kuzungulira bere, mphindi zitatu mpaka zisanu bere limodzi, n'kupita linalo, n'kubwereranso, zonse pamodzi mphindi 20 mpaka 30. Masiku oyamba mkaka umatuluka wochepa, asataye mtima.

Mkaka wofinya, ukavundikiridwa bwino, umakhala maola 4 popanda firiji ngakhale kukutentha, ndipo pamalo pozizira m'nyumba ukhoza kufika maola 6 mpaka 8. M'firiji yoyenda bwino umakhala masiku anayi, koma poti magetsi athu mumawadziwa, ngati azima tsiku lonse musawerengenso masiku anayi. Potenthetsa, imikani kapuyo m'mbale ya madzi ofunda, osawiritsa pamoto. Mwana amwetsedwe ndi kapu yaing'ono, osati botolo, chifukwa botolo n'lovuta kutsuka ndipo limasokoneza kayamwidwe. Womwetsayo amukhazike mwana chotsamira pang'ono, agunditse kapu pa mlomo wam'munsi, aipendeke kuti mkaka ungofika pamilomo, mwana azimwa yekha. Asamuthire m'kamwa. Wolera mwanayo, kaya ndi agogo ake, azakhali ake kapena mtsikana wantchito, aphunzitsidwe mayi ali pomwepo, ndipo auzidwe momveka kuti mwana akalira si ndiye kuti akufuna phala. Abambo a mwana, amene miyezi yapitayi mwaona ndi maso anu ntchito imene khanda limabweretsa pakhomo, apa ndi panu: kumwetsa ndi kapu sikufuna bere.

Mayi ayamwitse asananyamuke, akangofika madzulo, ndi usiku wonse mmene mwana angafunire, chifukwa kuyamwa kwa usiku kumathandiza kuti mkaka usachepe. Kuntchito afinye pakatha maola atatu alionse. Akapanda kutero mabere amadzaza ndi kuuma, amatha kutupa n'kuchita chithupsa, ndipo thupi limayamba kupanga mkaka wochepa. Apa bwana ali ndi mbali yake: kachipinda kaukhondo kotsekeka, mpando, madzi ndi sopo, ndi theka la ola kawiri pa tsiku. Kuchimbudzi ayi, palibe amene amakonzera chakudya cha mwana wake kumeneko. Ngati nyumba ili pafupi, aloledwe kukayamwitsa masana kapena wolera abwere naye mwana. Ngati ntchito yake inkatheka kunyumba miyezi yonseyi, sindikuona chifukwa chomukanizira masiku awiri kapena atatu pa sabata mpaka mwana atakwanitsa miyezi 6.

Mayi akadwala Covid-19 apitirize kuyamwitsa, atavala masiki ndi kusamba m'manja. Mayi amene ali ndi HIV asadumphitse ma ARV ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha kutanganidwa kwa m'mawa, ndipo asasakanize bere ndi zakudya zina miyezi 6 isanakwane. Amene amadalira kuyamwitsa ngati njira yotalikitsira mimba adziwe kuti njirayi imagwira ntchito pokhapokha mwana asanakwanitse miyezi 6, mayi asanayambenso kusamba, ndipo mwana akuyamwa pafupipafupi usana ndi usiku. Kusiyana ndi mwana maola 9 pa tsiku kumaifooketsa, choncho banja likaonane ndi mzamba. Amayi oyembekezera nawo ali pachiopsezo chodwala kwambiri ndi Covid-19 ndiponso chobereka masiku asanakwane. Asaikidwe pa tebulo lolandirira alendo, ndipo masiku awo a kusikelo, amene tsopano ndi maulendo 8, asawerengedwe ngati kujomba.

Amene sanachoke, ndi amene sabwerera

Pamene ena tinali kunyumba, alonda, osesa, madalaivala ndi amesenjala ankabwera tsiku lililonse, kukwera maminibasi amene mitengo yake inakwera, kuti maofesi asatsekedwe. Anamwino ndi azamba sitinachoke m'mawodi. Choncho inu obwerera samalani polankhula za mmene kunyumba kunalili kotopetsa pamaso pa munthu amene analibe mwayi wosankha. Msonkhano woyamba uyambe ndi kuwathokoza anthu amenewa ndi kuwafunsa zimene anaona. Iwo ndi amene akudziwa zenera losatseguka ndi mpopi wosatuluka madzi.

Mantha obwerera pakati pa anthu ndi enieni, makamaka kwa amene anagonekedwa pa mpweya wa okosijeni kapena anataya wachibale. WHO inanena mu Malichi 2022 kuti m'chaka choyamba cha mliri matenda a nkhawa ndi kukhumudwa anakwera ndi 25 peresenti padziko lonse. Mnzanu amene wasiya kucheza, sakugona, wayamba kumwa mowa kwambiri kapena akulankhula zoti moyo ulibe phindu, musamuseke ndipo musamusiye yekha. Mufunseni pambali, mumuperekeze kuchipatala. M'zipatala za m'maboma muli anamwino a matenda a maganizo, ndipo chithandizo chapadera chilipo ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

M'maofesi ena muli tebulo limene mwini wake sabwereranso. Panali nthawi imene pamaliro pankaloledwa anthu 50 okha, ndipo omwalira ndi Covid-19 ankaikidwa mwachangu, moti ambiri tinamva uthenga pa WhatsApp osakagona kusiwa, osaponya dothi. Maliro amenewa sanalilidwe mokwanira, ndipo munthu akaona mpando uja tsiku loyamba chisoni chimayambiranso. Musangoikapo wantchito watsopano ngati palibe chinachitika. Khalani pamodzi, mutchuleni dzina malemuyo, amene amapemphera apemphere, ndipo sonkhani chipepeso ngakhale papita chaka. Sankhani anthu awiri, mmodzi wamkulu pa udindo ndi wina amene ankagwirizana naye, alongedze kapu yake, zithunzi za ana ndi zina za m'dirowa, akapereke okha kubanja. Akakafika afunsenso ngati amasiye analandira ndalama za penshoni ndi zina zimene malemuyo anayenera kulandira, ndipo ngati mapepala anaima penapake pamene maofesi anali otseka, mmodzi wa awiriwo apatsidwe ntchito yowalondola mpaka atatuluka.